Kumene basi ndi boti: ulendo wa ku Venice, kwawo kwa mikanda ya ambuya

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi mutapanikizana anayi pa mpando wa atatu, minibasi itaima pa Kabwe Roundabout ngati yamera mizu, tamvani izi. Ku Italy kuli mzinda umene m'kati mwake simuyenda galimoto ngakhale imodzi. Mulibe minibasi, mulibe honda, ndipo njinga yopalasa nayonso ndi yoletsedwa. Dzina lake ndi Venice. Unamangidwa pa tizilumba 118 pakati pa thamanda lalikulu la madzi a mchere, ndipo misewu yake ndi ngalande zoposa 150. Ndikati ngalande musaganize za Bombay Drain yathu ija, izi ndi njira zamadzi zimene maboti amapishanamo. Tizilumbato tinalumikizidwa ndi maulalo pafupifupi 400. Ambulansi ndi boti, apolisi amayenda pa boti, zinyalala zimatengedwa pa boti, ndipo munthu akamwalira bokosi lake limapita kumanda pa boti.

Ndinafikako chifukwa cha maphunziro a atolankhani achinyamata amene anachitikira kumpoto kwa Italy. Olipira anali amene anatiitana, tisanamizane, malipiro a mtolankhani wa msinkhu wanga sangagule tikiti yotere. Atatipatsa masiku awiri opuma, anzanga anathamangira ku Milan kukaona nsapato. Ine ndinakwera sitima ya ku Venice chifukwa cha mikanda. Ndine mwana wa ku Vubwi, kwa a Mfumu Pembamoyo, ndipo ndinali nditawerengapo kuti mikanda yambiri yakale imene amayi a Chichewa ankavala inkachokera kumeneko. Ndinafuna kukaona ndi maso anga ng'anjo zimene inkaphikidwamo.

Basi yosadikira kudzaza

Sitima imalowa mu Venice podutsa ulalo wa makilomita pafupifupi 4 pamwamba pa madzi, n'kukaima pa siteshoni ya Santa Lucia. Magalimoto ndi mabasi ochokera kumtunda amathera pa Piazzale Roma, imene tingati ndi Intercity yawo. Kuchoka apo ndi miyendo yako kapena boti. Ukangotuluka pa khomo la siteshoni, pamene ukuyembekezera kuona tara ndi matakisi, umapeza madzi obiriwira akuwinduka. Imeneyo ndi Canal Grande, Cairo Road ya mzindawo.

Basi yawo amaitcha vaporetto. Ndi boti lalikulu la injini la kampani ya ACTV, lili ndi nambala ya njira ndi nthawi yake yonyamukira. Silidikira kudzaza. Ngwangwazi kulibe, wokukoka chikwama kulibe, ndipo nkhondo ya chenji kulibe chifukwa tikiti umagula usanakwere n'kuigunditsa pa kamakina. Wothandiza dalaivala ntchito yake ndi kuponya chingwe, kumanga boti, kutsegula kachitseko ndi kutchula dzina la siteshoni. Koma pa mtengo m'pamene ndinagwira pakamwa. Mlendo amalipira mayuro 9.50 pa tikiti ya mphindi 75, ndalama yoposa K200, pamene mwini mzinda wokhala ndi khadi amalipira 1.50 chabe. Tikiti ya tsiku lonse ndi mayuro 25, ndipo ndi imene ndinagula.

Musaganize kuti kulibe kupanikizana. M'mawa boti limadzaza ndi anthu ochokera ku Mestre, tauni ya kumtunda kumene antchito ambiri amagona: ophika m'mahotela, osesa, amisiri omanga, ana a sukulu. Nkhope zawo ndi zomwezi za basi ya ku Matero m'mamawa, munthu maso ali pa foni, chikwama chili pa chifuwa. Katundu yense wa m'masitolo amatsitsidwa m'maboti n'kukwezedwa pa tingolo tokoka ndi manja. Anyamata a tingoloti ali ngati a Zamcab a ku Soweto, kungoti iwo pa ulalo uliwonse amakwera masitepe ndi kutsika, katundu ali pomwepo. N'chifukwa chake ngakhale botolo la madzi limadula.

Kuseri kwa chipwirikiti

Pa bwalo la San Marco ndi pa ulalo wa Rialto pamakhala anthu ngati City Market pa mapeto a mwezi. Aliyense wakweza foni m'mwamba, wina akukuponda, wina akukugunda ndi chikwama. Ndinakhalapo mphindi zochepa chabe. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho ndinalowera kumpoto, dera la Cannaregio. Ukangokhota tinjira tiwiri kapena titatu, phokoso lonse limazimirira. Umamva madzi akumenya khoma, mbale zikugundana m'khitchini ya munthu, ndi nsapato zako zomwe.

Kumeneko ndinafika pa bwalo lotchedwa Ghetto. Anyamata a mu Chibolya ndi mu Kanyama akamati ndife a mu ghetto, mawuwo kwawo n'kuno. Mu 1516 boma la Venice linalamula kuti Ayuda onse azikhala pa kachilumba kameneka, ndipo usiku zipata zinkatsekedwa, alonda ali panja. Popeza malo anali ochepa ndipo anthu ankachuluka, nyumba zinkangowonjezedwa m'mwamba, n'chifukwa chake ndi zazitali kuposa za m'madera ena, zipinda zake zofupika. Zipatazo zinagwetsedwa mu 1797 pamene asilikali a Napoleon analanda mzindawo. Lero pabwalopo pali mitengo ingapo, mabenchi, ndi ana akumenya mpira pakhoma.

Pafupifupi pa bwalo lililonse pali chitsime chamwala chovundikira ndi chitsulo. Anthu okhala pakati pa madzi ankavutika madzi akumwa, chifukwa ozungulira onsewo ndi amchere. Ankakumba dzenje lalikulu pansi pa bwalo, kulimata ndi dongo, n'kulidzaza mchenga. Madzi a mvula ankalowa pa timabowo ta m'miyala, kusefedwa ndi mchengawo, n'kukasonkhana pakati pamene ankatungira. Madzi a m'mapaipi anafika mu 1884. Ine amene ndinakulira pa mzere wa pa mjigo, ndipo manje ndimadzuka usiku kukatchera ndowa pa pompi ya mu komboni, ndinazungulira chitsime chimodzi kawiri konse.

Nyumba zonsezi zaimirira pa mitengo. Amisiri akale ankakhoma nsichi zambirimbiri m'matope mpaka zitafika pa dongo lolimba, pamwamba pake n'kuyala matabwa, kenako miyala ndi njerwa. Mtengo ukakwiririka m'matope momwe mulibe mpweya suola, ndiye chifukwa chake nyumba za zaka 500 zikadali chilili.

Madzulo ndinapita kum'mawa kwa mzinda, dera la Castello. Kumeneko ndiye mu komboni mwawo. Zovala zayanikidwa pa zingwe zodutsa pamwamba pa njira kuchoka pa windo ili kufika pa lina, malaya a ntchito, matewera, masokosi. Kumapeto kwa msewu wa Via Garibaldi kuli boti logulitsa ndiwo zamasamba, ndipo amayi achikulire amaima m'mbali mwa ngalande akusankha matimati ndi anyezi, akudandaula mitengo ndi manja monga timachitira pa Chilenje Market.

Malo ena amene anandikhudza ali ku Dorsoduro, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Santa Maria della Salute. Akatolika a kwathu amamudziwa Josephine Bakhita. Anabadwira ku Darfur, m'dziko la Sudan, anagwidwa ukapolo ali mwana, nagulitsidwa kangapo asanabwere naye ku Italy. Banja limene ankaligwirira ntchito linamusiya kwa masisitere a Canossian kuno ku Venice, ndipo pamene linabwera kudzamutenga iye anakana. Pa 29 Novembala 1889 bwalo la milandu linagamula kuti ndi mfulu, ndipo pa 9 Januwale 1890 anabatizidwa m'nyumba ya ophunzira chikhristu ya m'dera lomwelo. Anamwalira mu 1947, ndipo Papa John Paul II anamulengeza kukhala woyera mu 2000. Kanjira kake ndi kachete, alendo ambiri amangodutsa osadziwa.

Mzinda ukutha eni ake

Chete wa m'tinjirati ali ndi mbali yake yowawa. Mu 1951 m'kati mwa Venice munkakhala anthu pafupifupi 175,000. Mu 2022 chiwerengerocho chinatsika kufika pansi pa 50,000. Pa windo la sitolo ina ya mankhwala pafupi ndi Rialto pali kachikwangwani ka magetsi kosonyeza anthu amene atsala, ndipo anthu amakayang'ana ngati mmene timayang'anira mtengo wa dola. Mwini nyumba amaona kuti mlendo wa masiku atatu amalipira kuposa mphunzitsi wa mwezi wathunthu, ndiye nyumba amaisandutsa malo ogona alendo. Mabanja achinyamata amasamukira kumtunda. Malo amene panali ogulitsa buledi kapena osoka nsapato pamabwera sitolo ya zikumbutso. Aliyense amene landilodi anamuuzapo kuti nyumba ikufuna kukonzedwa, mwezi wotsatira n'kuona yasanduka loji, nkhaniyi akuimva bwino.

Pofuna kuchepetsa khamu, kuyambira pa 25 Epulo 2024 boma la mzindawo linayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa alendo obwera tsiku limodzi pa masiku ena osankhidwa. Mu 2021 boma la Italy linali litaletsa kale zombo zikuluzikulu za alendo kudutsa pafupi ndi San Marco.

Vuto lina ndi madzi enieniwo. Nyengo yozizira, mphepo ikakankha nyanja, madzi amasefukira m'mabwalo ndi m'nyumba. Pa 4 Novembala 1966 anakwera masentimita 194, ndipo pa 12 Novembala 2019 anafika 187. Pa makomo ambiri pali timipanda tachitsulo tofika m'mawondo, ntchito yake ndi imodzi ndi ya masaka a mchenga amene timaunjika pakhomo ku Kanyama mu Febuluwale. Boma la Italy linamanga zitseko 78 zachitsulo pansi pa nyanja, zotchedwa MOSE, zimene zimadzuka kutchinga madzi. Zinagwira ntchito koyamba pa 3 Okutobala 2020, patapita zaka zambiri za kuchedwa ndi milandu ya katangale. Zimenezo nazonso si zachilendo kwa ife. Madzi saiwala khwawa, kaya ndi ku Italy kaya ndi ku Lusaka.

Pa ng'anjo ya ku Murano

Tsiku lachiwiri ndinalawirira ku Fondamente Nove kukakwera boti la ku Murano. Ulendo wake ndi wa mphindi pafupifupi 10, kudutsa pa San Michele, chilumba cha manda chozingidwa ndi mpanda wa njerwa zofiira. Murano ndi tizilumba 7, anthu ake sakwana 5,000. Mu 1291 boma la Venice linalamula kuti ng'anjo za galasi zisamukire kumeneko poopa moto, chifukwa nyumba zambiri za mu mzinda zinali zamatabwa. Kuwaika pamodzi kunathandizanso kusunga chinsinsi cha ntchitoyo. Amisiri ankalemekezedwa, mwana wamkazi wa mmisiri ankatha kukwatiwa ku banja lachifumu, koma kuchoka m'dziko ndi luso lako unali mlandu waukulu. Ena ankathawabe. Cha m'ma 1665 dziko la France linanyengerera angapo kuti akaphunzitse kupanga magalasi odziyang'anira.

M'mbali mwa ngalande yaikulu ya Murano muli masitolo onyezimira, ndipo pali anthu oitanira alendo, ngwangwazi zovala jekete. Ndinawapitirira n'kulowa kanjira ka kuseri kumene ndinamva mkokomo ngati wa chigayo chakutali. Chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Mtsikana wa msinkhu wanga amene amagulitsa m'kasitolo ka pamalopo anandilola kuima pakona, bola ndisadutse mzere wojambulidwa pansi.

Galasi ndi mchenga woyera wosakaniza ndi soda ndi laimu. Kalekale sodayo ankaipeza ku phulusa la zomera za m'mbali mwa nyanja lochokera ku Syria ndi ku Egypt. Nditamva za phulusa ndinakumbuka chidulo cha thelere, nzeru yake ndi yapachibale. Zosakanizazo amaziphika usiku wonse pa moto wa madigiri pafupifupi 1,400, ndipo m'mawa amautsitsa kufika cha m'ma 1,100 kuti galasi likhale lonanda ngati uchi.

Anali amuna atatu, ndipo sankalankhulana. Wamng'ono analowetsa paipi yaitali yachitsulo m'kamwa mwa ng'anjo, naitulutsa ili ndi chibulumwa chofiira kunsonga. Anachigubuduza pa tebulo lachitsulo, nauzira kamodzi, n'kupereka kwa mmisiri wamkulu amene anali atakhala pa benchi. Bambowo, wa imvi ndi manja okhala ndi zipsera, dzanja lamanzere linkagubuduza paipi osaleka, lamanja likutsina galasi ndi chopanira, kukoka, kudula ndi sizasi. Paipi ikangoima, galasi limagwera mbali imodzi. Likayamba kuuma, wothandiza amalibwezera pamoto. Wachitatu anabwera ndi kachidutswa kena kotentha pa nthawi yake yeniyeni, mkuluyo anakamata m'mbali, nakapinda, chikhala chogwirira. Mphindi zosakwana 15, jagi inali itaima. Mnyamata uja anaika kapepala pamwamba pake ndipo kanayaka pomwepo, ngakhale jagiyo inkaoneka ngati yazizira. Kenako anaiika mu uvuni wina mmene imazizira pang'onopang'ono mpaka tsiku lotsatira. Ikazizira msanga imaphulika.

Ndinakumbuka asulu a kwathu pa chipala, wina pa mvukuto wina pa nyundo, ndi amayi oumba mbiya amene dzanja lawo limadziwa pamene dongo lakwana. Ntchito zotere siziphunziridwa pa bolodi. Mnyamata amayamba ndi kusesa ndi kunyamula mapaipi, ndipo pamapita zaka zambiri asanakhale pa benchi.

Mkuluyo atapuma anafunsa, kudzera mwa mtsikana uja, kumene ndachokera. Nditatchula Zambia, anatenga kabotolo pa shelefu n'kundionetsa ufa wakuda. Mitundu ya galasi imachokera ku miyala ya pansi: kobalti amapereka mtundu wa buluu, kopa amapereka wobiriwira ndi wofiira, golide pang'ono amapereka wofiirira ngati duwa. Kopa ndi kobalti ndi zimene abale athu amakumba ku Copperbelt. Timazitumiza kunja zili zosaphika, ena n'kuzisandutsa zinthu zimene ife sitingakwanitse kugula.

Koma nawonso akulira. Ng'anjo imayaka usana ndi usiku, ndipo ukaizimitsa pamafunika masiku ndi ndalama zambiri kuti itenthenso. Kumapeto kwa 2021 ndi mu 2022 mtengo wa gasi unakwera kangapo, moti ambiri anazimitsa ng'anjo kwa miyezi. Owotcherera mageti ku Kalingalinga ndi ku Garden, amene mu 2024 ankadikira magetsi pakati pa usiku madzi atachepa ku Kariba, akudziwa mmene zimawawira kukhala ndi luso m'manja koma moto palibe. Achinyamata ofuna kupirira kutentha koteroko akuchepa. Ndiye pali katundu wotsanzira wochokera kumafakitale a kunja, wogulitsidwa motchipa m'masitolo a mu Venice momwemo ngati wa ku Murano. Pofuna kuteteza amisiri, boma la chigawo cha Veneto linakhazikitsa chizindikiro cha Vetro Artistico Murano mu 1994, kasitika komata pa katundu weniweni.

Mikanda yofiira ya mtima woyera

Pa Murano pali nyumba yosungiramo zakale za galasi, Museo del Vetro, imene inatsegulidwa mu 1861. Ndinadutsa mwachangu nyali zikuluzikulu ndi zikho za mafumu, n'kukaima pa mikanda. Pali makadi akale amene amalonda ankayenda nawo, mikanda itasokereredwa m'mizere, mtundu uliwonse ndi nambala yake. Pali mkanda wotchuka wa rosetta, wa mizere ngati nyenyezi, umene mbiri imati anauyambitsa ndi mayi wina, Marietta Barovier, kumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Ndipo pakati pa yonseyo panali timikanda tofiira kunja, toyera m'kati.

Timeneto ndimatidziwa. Ambuya anga ku Vubwi anali ndi kachitini kamene ankasunga pansi pa mphasa, ndipo tsiku lina nditakula anandiitanira m'nyumba n'kukatsegula. Munali mikanda ya amayi awo, yolemera, yozizira m'manja, ina itaperepeseka m'mbali chifukwa chovalidwa zaka zambiri. Yofiira ya mtima woyera inali yambiri. Tanthauzo la mtundu uliwonse ndi nkhani ya anamkungwi, siinenedwa mu minibasi muli apongozi. Chimene ndinganene n'chakuti kwa mayi wa Chichewa mikanda inali chuma chake chenicheni, chimene ankasiyira ana ake aakazi.

Kapangidwe ka timikanda ting'onoting'ono kanali kotere. Mmisiri ankatenga chibulumwa cha galasi n'kuchiboola pakati. Amuna awiri ankachigwira uku ndi uku ndi zitsulo, n'kuyenda mofulumira motalikirana m'khonde lalitali, galasi likutanuka mpaka kukhala kabango kowonda ka mamita ambirimbiri, bowo lili momwemo. Kabangoko ankakaduladula, tizidutswato n'kutisakaniza ndi makala ndi laimu kuti mabowo asatsekeke, kenako n'kutizunguza mu mgolo wotentha kuti tikhale tobulungira. Ntchito yotunga pa ulusi inali ya amayi osauka a ku Castello ndi Cannaregio, otchedwa impiraresse. Ankakhala pakhomo, chipande chathabwa chodzaza mikanda chili pamiyendo, masingano ataliatali ambiri ali m'dzanja limodzi, akucheza ngati amayi otongola chimanga. Malipiro awo anali ochepa kwambiri. Mu 1898 makampani a mikanda anaphatikizana n'kupanga fakitale imodzi yaikulu, Società Veneziana Conterie, imene inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mu 2020 bungwe la UNESCO linaika luso la mikanda ya galasi la ku Italy ndi France pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwewo umene pali Gule Wamkulu.

Mikanda inayamba kufika kwathu azungu asanabwere. Pa Ing'ombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, ofukula zakale anapeza mikanda ya galasi m'manda a anthu olemera. Ku Mankhamba, likulu lakale la a Kalonga m'boma la Dedza ku Malawi, katswiri Yusuf Juwayeyi anafukulanso yambiri. Yambiri ya nthawi imeneyo inkachokera ku India. Pofika zaka za m'ma 1800, ya ku Venice ndi ku Bohemia, kumene lero ndi Czech Republic, ndi imene inadzaza msika. Inkatsika m'zombo kugombe la Mozambique ndi ku Zanzibar, ina n'kukwera ndi Zambezi kufika ku Tete ndi ku Zumbo, kenako pamitu ya amtengatenga. Achikunda, Abisa ndi Ayao ndiwo ankaiyendetsa m'midzi. Mu 1831 Mpwitikizi António Gamitto ananyamuka ku Tete kupita kwa Kazembe, nadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa, ndipo nsalu ndi mikanda ndizo zinali ndalama za pa ulendowo. Vubwi ali pakona pamene Zambia, Malawi ndi Mozambique zimakumana, m'dziko lomwelo la anthu a Undi.

Mikandayo inkagula ufa ndi nkhuku za apaulendo, inkagula minyanga ya njovu, ndipo inkagulanso anthu. Mzinda umene unamasula Bakhita ndi womwewo umene ng'anjo zake zinkaphika katundu wosinthanitsa ndi ana ngati iye. Mayi wotunga mikanda ku Castello sankadziwa kumene ikupita, ndipo mayi woivala ku Vubwi sankadziwa amene anaitunga. Phindu linkatsalira kwa amalonda a pakati.

Ndisanakwere boti lobwerera ndinalowa m'kachipinda ka mayi wina amene amapanga mikanda umodziumodzi pa lawi la gasi. Amasungunula kandodo ka galasi, n'kukakulunga pa waya, kuzunguza mpaka utabulungira, n'kudonthezera timadontho ta mtundu wina. Ndinagula isanu. Mtengo wake unali ndiwo za mlungu wathunthu, koma ndinali nditaona thukuta lake.

Nanga ife?

Dziko lino linali ndi ng'anjo yake. Fakitale ya Kapiri Glass Products ku Kapiri Mposhi inkapanga mabotolo kuchokera ku mchenga wa komweko, mpaka inatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Lero mabotolo osabwezedwa ali mbwee kuseri kwa mabala, m'ngalande ndi ku Chunga, ana akudzicheka nawo mapazi. Mikanda imene alangizi amagulira akwati ku Kamwala yambiri ndi ya pulasitiki kapena ya kufakitale za ku Asia.

Anzathu ena mu Africa muno anapeza njira. Ku Eswatini kuli Ngwenya Glass, imene inayamba mu 1979 ndi thandizo la dziko la Sweden, n'kutsegulidwanso mu 1987 itatsekedwa kwa kanthawi. Amisiri a komweko amauzira zikho ndi tinyama kuchokera ku mabotolo otoledwa. Ku Ghana, anthu a mtundu wa Krobo safuna n'komwe gasi. Amasinja mabotolo mpaka kukhala ufa, amathira m'zikombole zadongo, pakati n'kuimika kaphesi ka tsamba la chinangwa. Amawotcha ndi nkhuni mu uvuni woumbidwa ndi dothi la pa chulu, kaphesiko kamapsa n'kusiya bowo, mkanda watheka. Chulu, chinangwa, mtondo ndi amayi odziwa kuwotcha mbiya, zonsezi ku Vubwi, ku Sinda ndi ku Katete zilipo. Makomiti a CDF amene amapereka ndalama za maphunziro a luso ndi magulu a amayi, pamodzi ndi a TEVETA, angachite bwino kuiganizira nkhaniyi, m'malo moti gulu lililonse lizingopempha nkhuku ndi makina osokera.

Pakali pano pali kanthu kamene aliyense wa ife angachite. Mukapita kumudzi, kapena ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, funsani achikulire ngati kachitini kaja kakadalipo. Mkanda wa galasi umazizira ukauika pa tsaya, umalemera kuposa wa pulasitiki, ndipo ukaugunditsa pa dzino umalira kuti ngwe. Wakale sufanana ndendende ndi unzake, ndipo pa bowo pamakhala posalala chifukwa cha ulusi. Mukaupeza musaugulitse kwa oyendayenda ofuna zakale, ndipo musaukwirire pamodzi ndi mwini wake musanafunse. Lembani dzina la amene anauvala poyamba, mudzi wake ndi mfunda wake, pepalalo mulipinde n'kuliika m'kachitini momwemo.